Kalata Yotseguka kwa Nduna za Mayiko a Arctic Council: Bwezeretsani Ntchito Yoyeza Mitsinje Ikuluikulu ya Kumpoto

Kwa Olemekezeka Nduna Zoona za Ubale ndi Mayiko Ena za Canada, Denmark, Finland, Iceland, Norway, Russia, Sweden ndi United States, kudzera kwa Ufumu wa Denmark umene ukutsogolera Arctic Council, bungwe la mayiko asanu ndi atatuwa loona za dera la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kuyambira mu Meyi 2025.

Olemekezeka,

Ndalemba kalatayi kuti ndikupempheni chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu ndipo sichilira chuma chambiri. Pempho langa ndi lakuti mubwezeretse ntchito yoyezera limodzi mitsinje ikuluikulu yodutsa m'nthaka youndana ya kumpoto kwa dziko lapansi, ndiponso kuti zonse zopezeka pa ntchitoyo muziziika poyera kuti aliyense aziona, ngakhale pa nthawi ino imene maboma anu ena sakumwerana madzi. Mitsinje imene ndikunena ndi Ob, Yenisei, Lena ndi Kolyma ya ku Russia, Mackenzie wa ku Canada, komanso Yukon amene amachokera ku Canada n'kudutsa m'chigawo cha Alaska. Ine ndine Mmalawi, nzika ya dziko limene mtsinje sunaundanepo, ndipo chifukwa chimene nkhaniyi ikundikhudzira ndichifotokoza ndikatha kunena za mitsinjeyo.

Nyanja ya Arctic ili ndi pafupifupi 1 peresenti yokha ya madzi onse a m'nyanja zamchere, koma imalandira 10 peresenti kapena kuposerapo ya madzi onse amene mitsinje ya padziko lapansi imathira m'nyanjazo. Yenisei yekha amathira m'nyanja ya Kara makiyubiki kilomita pafupifupi 600 chaka chilichonse, Lena amathira oposa 500 m'nyanja ya Laptev, Ob pafupifupi 400, ndipo Mackenzie pafupifupi 300 m'nyanja ya Beaufort. Yukon amathira m'nyanja ya Bering, koma madzi ake ambiri amatengedwa ndi mafunde kulowera kumpoto. Kwa owerenga a kwathu kuno, n'kokwanira kunena kuti Lena amanyamula madzi ochuluka kanayi kapena kuposerapo poyerekeza ndi Zambezi pamene akukathira m'nyanja ya Indian.

Chimene chimasiyanitsa mitsinjeyi ndi ina yonse ndi nthaka imene imadutsamo. Nthaka imeneyi, imene akatswiri amaitcha permafrost, ndi dothi, mchenga kapena miyala zimene zakhala zoundana kwa zaka ziwiri zotsatizana kapena kuposerapo, ndipo m'madera ambiri zakhala choncho kwa zaka masauzande. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko la Russia ali pa nthaka yotere, ndipo ku Yakutia kuli malo amene kuundanako kumafika mamita pafupifupi 1,500 pansi. M'nyengo yotentha mumasungunuka kagawo ka pamwamba kokha, nthawi zina kosakwana mita imodzi, ndipo pansi pake pamakhalabe polimba posalowa madzi. Choncho chipale chofewa chikasungunuka, madzi ake salowa pansi monga achitira m'munda wolimidwa bwino, koma amathamanga ngati mvula yogwa pa denga la malata, onse n'kukathera mumtsinje m'masabata ochepa.

Lena ndi amene amaonetsa bwino khalidwe limeneli. Mtsinjewu umayambira m'mapiri a kumadzulo kwa nyanja ya Baikal ndipo umayenda makilomita oposa 4,000 kulowera kumpoto, mpaka kugawikana m'timitsinje mazanamazana pa mathiriro ake, amene kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 30,000. Pa malo oyezera madzi a Kyusyur, pafupi ndi mathirirowo, madzi odutsa m'mwezi wa Juni amachuluka maulendo oposa 20 poyerekeza ndi a mu Epulo. Popeza mtsinjewu umachokera kummwera kupita kumpoto, kutentha kumayambira kumtunda kwake pamene kumunsi kukadali kouma gwa ndi madzi oundana. Zibuma zikuluzikulu za madzi oundana zimatsika ndi mtsinje, n'kuunjikana pamalo opapatiza kapena okhota, n'kutseka njira, ndipo madzi amakwera mamita angapo m'maola ochepa. Izi n'zimene zinachitikira tauni ya Lensk mu Meyi 2001, pamene madzi anamiza pafupifupi tauni yonse, nyumba masauzande n'kuwonongeka. Mzinda wa Yakutsk, wa anthu oposa 300,000, nyumba zake zikuluzikulu zinamangidwa pa mizati ya konkire yozikidwa m'nthaka youndana, kuti kutentha kwa m'nyumba kusasungunule maziko. Kwa zaka zonsezi anthu a mumzindawu akhala akuwoloka Lena pa pantoni m'nyengo yotentha, ndi pa msewu wolambulidwa pamwamba pa madzi oundana m'nyengo yozizira, ndipo pakati pa nyengo ziwirizi pamakhala masabata amene galimoto yonyamula katundu singawoloke mwa njira iliyonse. Midzi yambiri ya ku Yakutia imalandira ufa, mafuta ndi zipangizo zomangira za chaka chonse kudzera m'misewu ya pa madzi oundana imeneyi, moti nyengo yozizira ikafupika ndi masabata awiri kapena atatu, mtengo wa zinthu m'sitolo ya kumudzi ndi umene umayamba kuchitira umboni.

Nyengo ya kumeneko ikusintha mofulumira kuposa kwina kulikonse. Kafukufuku wa akatswiri a Finnish Meteorological Institute amene anatuluka mu 2022 anaonetsa kuti kuyambira mu 1979 dera la Arctic latentha pa liwiro loposa la dziko lonse pafupifupi kanayi. Pa 20 Juni 2020, ku Verkhoyansk, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Yana yodziwika ndi kuzizira koopsa, kunatentha madigiri 38, ndipo bungwe la World Meteorological Organization linatsimikiza chiwerengerochi mu Disembala 2021. Kagawo kosungunuka kakamazama chaka ndi chaka, madzi amapeza njira zatsopano pansi pa nthaka, ndipo ena amayendabe ngakhale pakati pa nyengo yozizira. N'chifukwa chake mitsinje yambiri ya kumeneko tsopano imanyamula madzi ochuluka pansi pa madzi oundana kusiyana ndi kale, madzi oundanawo amachedwa kugwira ndi kufulumira kusweka, ndipo magombe amene ankagwiridwa ndi chisanu akugumukira m'madzi.

Olemekezeka, tonsefe tikudziwa zimenezi chifukwa cha anthu amene mayina awo sitiwadziwa, amene ankaboola madzi oundana ndi kutsitsa zoyezera mumtsinje ku Kyusyur, ku Igarka ndi ku Salekhard kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Mu 2002, Bruce Peterson ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kuwerengera miyeso imeneyi, ndipo anapeza kuti madzi a mitsinje isanu ndi umodzi ikuluikulu ya kumpoto kwa Europe ndi Asia anachuluka ndi 7 peresenti pakati pa 1936 ndi 1999. Kuchuluka kwa 7 peresenti sikungaoneke m'zaka zisanu kapena khumi, chifukwa chaka cha mvula yambiri ndi chaka cha chilala zimasiyana kuposa pamenepo. Kunatheka kuona chifukwa panali mndandanda wosaduka wa zaka 64, umene unapyola nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nthawi ya kusamvana kwa Soviet Union ndi mayiko a kumadzulo, ndi kugwa kwa Soviet Union komwe. M'gulu la olemba kafukufukuyo munali akatswiri a ku America, a ku Russia ndi a ku Germany.

Sindikunena kuti kusintha konse kwa mitsinjeyi n'kochokera ku kusintha kwa nyengo, ndipo munthu woona mtima sanganene zimenezo. Pa Yenisei pali madamu aakulu a Krasnoyarsk ndi Sayano-Shushenskaya, pa Angara amene amathira mu Yenisei pali la Bratsk, pa Vilyuy amene amathira mu Lena palinso lina, ndipo ku Canada damu la W.A.C. Bennett lakhala likutchinga mtsinje wa Peace, umene madzi ake amakathera mu Mackenzie, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Madamu amasunga madzi m'nyengo yotentha n'kuwatulutsa m'nyengo yozizira pamene magetsi akufunika kwambiri, motero nawonso amachulukitsa madzi a nyengo yozizira kumunsi. Moto wa m'nkhalango umapsereza ndere ndi zomera zimene zimatchinjiriza nthaka ku dzuwa, ndipo mvula ndi chipale zasintha kagwedwe kake. Kuti munthu alekanitse gawo la damu, gawo la mvula ndi gawo la nthaka yosungunuka, amafunika miyeso ya mitsinje yambiri, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, yotchingidwa ndi yosatchingidwa, ya mbali zonse ziwiri za nyanja. Chomvetsa chisoni n'chakuti malo oyezera madzi ambiri anatsekedwa kale m'zaka za m'ma 1990, ku Russia chifukwa cha mavuto a zachuma, ndi ku Canada chifukwa boma linadula ndalama za ntchitoyi. Ntchito imene inaduka mu 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine inali yolumala kale.

Kuchuluka kwa madzi ndi theka chabe la nkhani, pakuti chofunika kwambiri ndi zimene madziwo anyamula. M'nthaka ya m'madera oundanawa muli kaboni wokwana matani mabiliyoni pafupifupi 1,500, amene ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa yense amene ali mumlengalenga panopa. Kaboniyu ndi zotsalira za udzu, mizu, mitengo ndi nyama zimene zinafa kalekale koma sizinawole chifukwa cha kuzizira. Nthaka ikasungunuka, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba kudya zotsalirazo n'kutulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi ndi wa methane, umene umawonjezera kutentha komwe kunasungunula nthakayo. Pa gombe la Duvanny Yar m'mphepete mwa Kolyma, mtsinje umadya phompho la dothi losakanikirana ndi madzi oundana a zaka masauzande makumimakumi, ndipo mafupa a njovu zaubweya, akavalo ndi njati zakale amagwera m'matope. Ku Batagay, m'chigwa cha Yana, malo amene nkhalango inadulidwa m'zaka za m'ma 1960 anasanduka chidzenje chotalika pafupifupi kilomita imodzi chimene chikukulabe chaka chilichonse. Ku Peel Plateau, ku Canada, mapiri athunthu akutsetsereka ngati phala n'kudzaza timitsinje tothira mu Mackenzie. Lipoti la Arctic Report Card la 2024, lotulutsidwa ndi bungwe la NOAA la ku America, linanena kuti madambo opanda mitengo a kumpotowa, amene kwa zaka masauzande ankasunga kaboni, tsopano akutulutsa wochuluka kuposa amene akuyamwa, tikaphatikizapo wa moto wolusa.

Palibe boma limene lingakumbe dzenje loyezera pa kilomita iliyonse ya Siberia. Koma mtsinje umasonkhanitsa madzi a chigwa chonse, moti pa Ob, Yenisei kapena Lena botolo limodzi lotungidwa pafupi ndi mathiriro limanena za dera la masikweya kilomita mamiliyoni awiri kapena kuposerapo. Poyeza zaka za kaboni wosungunuka m'madziwo, akatswiri amatha kudziwa ngati akuchokera ku masamba a chaka chatha kapena ku nthaka yakale imene yayamba kutseguka. Poyeza mchere wa m'miyala, amadziwa kuti madzi akulowa pansi mozama bwanji. Iyi ndiyo ntchito imene inayamba mu 2003 ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti Arctic Great Rivers Observatory, yotunga madzi mwa njira yofanana ku Salekhard pa Ob, ku Dudinka pa Yenisei, ku Zhigansk pa Lena, ku Chersky pa Kolyma, ku Pilot Station pa Yukon ndi ku Tsiigehtchic pa Mackenzie. Malo anayi mwa asanu ndi limodzi amenewa ali ku Russia. Ena adzanena kuti masetilaiti alipo, ndipo n'zoona kuti setilaiti ya SWOT, imene America ndi France anaponya mu Disembala 2022, imayeza msinkhu ndi kutambalala kwa mitsinje mwaluso lodabwitsa. Koma setilaiti singatunge madzi, singayeze zaka za kaboni, ndipo singaone bwino zimene zikuyenda pansi pa madzi oundana kwa miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu ya chaka. Ngakhale zimene imaonazo zimafunika kuyerekezedwa ndi muyeso wa munthu amene waima pa gombe.

Palinso poizoni. Mu 2018, Paul Schuster wa ku United States Geological Survey ndi anzake anawerengera kuti nthaka ya m'madera oundana ikusunga mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, wochuluka pafupifupi kawiri kuposa wa m'nthaka zina zonse, m'nyanja ndi mumlengalenga kuphatikiza pamodzi. Gombe likagumuka, gawo lina la mercury ameneyu limalowa mumtsinje, ndipo likhoza kufika mu nsomba zimene anthu a kumeneko amadya tsiku ndi tsiku. M'mapiri a Brooks Range ku Alaska, kafukufuku wa mu 2024 anapeza timitsinje 75 timene madzi ake, amene anali oyera mbee, asanduka ofiira ngati dzimbiri, chifukwa miyala imene inali yotsekeredwa m'chisanu yakumana ndi mpweya ndi madzi n'kuyamba kutulutsa chitsulo ndi asidi.

Za ngozi ya ku Norilsk, mzinda wa kumpoto kwa Siberia, ndinena mwachidule, chifukwa inu mukuidziwa. Pa 29 Meyi 2020 thanki ya dizilo inaphulika pa malo opangira magetsi, ndipo matani pafupifupi 21,000 anatayika, ambiri mwa iwo n'kulowa m'mitsinje ya Daldykan ndi Ambarnaya. Kampani ya Nornickel poyamba inaloza chala nthaka yosungunuka, koma ofufuza a boma la Russia anapeza zolakwika pa kamangidwe ndi kasamalidwe ka thankiyo, ndipo kampaniyo inalipira chindapusa cha ma ruble mabiliyoni 146 mu 2021. Phunziro lake kwa inu ndi lakuti pamene palibe miyeso yodalirika yoonekera kwa onse, kusintha kwa nyengo kukhoza kusanduka pobisalira anthu osasamala ntchito yawo.

Kumbali ya Canada ndi Alaska vuto laonekera mwa njira ina. Mu Meyi 2021 madzi oundana anatseka Mackenzie, mtsinje umene eni nthaka a mtundu wa Dene amautcha Deh Cho, ndipo midzi ya Fort Simpson ndi Jean Marie River inasefukira. Patangopita zaka ziwiri, chilala chinatsitsa nyanja ya Great Slave, kumene Mackenzie amachokera, kufika pamene sinafikepo chiyambire kuyezedwa, ndipo mu 2024 ngalawa zonyamula katundu zinalephera kufika kudera la Sahtu, moti mafuta anachita kupita pa ndege ndipo khonsolo ya tauni ya Norman Wells inalengeza kuti ili pa ngozi. Pa Yukon, nsomba za salmon za mtundu wa Chinook zachepa kwambiri moti mu 2024 Alaska ndi Canada anagwirizana zoimitsa usodzi wa nsomba zochokera ku Canada kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo zina zili m'nyanja yamchere, koma kutentha kwa madzi a mumtsinje ndi chimodzi mwa izo, monga zinaonekera mu 2019 pamene salmon zinafa zisanaikire mazira mumtsinje wa Koyukuk. Mudzi wa Newtok, wa anthu a mtundu wa Yup'ik, unayamba kusamukira ku Mertarvik mu 2019 chifukwa mtsinje wa Ninglick unkadya nthaka yawo. Anthu amenewa ali ndi mipando m'bungwe lanu kudzera m'mabungwe asanu ndi limodzi a eni nthaka, ndipo iwo ndi amene amaponda pa madzi oundanawo ndi mapazi awo.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani. Mu Malichi 2022, Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, mayiko asanu ndi awiri mwa inu anaimitsa ntchito zawo mu Arctic Council. Germany inaimitsa mgwirizano wake wa sayansi ndi mabungwe a boma la Russia, ndipo maulendo a kafukufuku amene Alfred Wegener Institute inkachita limodzi ndi akatswiri a ku Russia pa chilumba cha Samoylov, pa mathiriro a Lena, kuyambira mu 1998, anaima. Mu Febuluwale 2024 Russia inaimitsa zopereka zake ku bungweli, ngakhale kuti m'mwezi womwewo, pansi pa utsogoleri wa Norway, munagwirizana kuti magulu a akatswiri ayambirenso kukumana pa intaneti. Mu Januwale chaka chomwecho, Efrén López-Blanco ndi anzake anaonetsa m'magazini ya Nature Climate Change kuti malo a kafukufuku a ku Russia akachotsedwa pa mndandanda, chithunzi chimene chimatsala cha Arctic chimakhala chopendekeka kwambiri, chifukwa nkhalango zazikulu za ku Siberia zimasowamo.

Sindikupeputsa nkhondoyo. Anthu masauzande ambirimbiri afa, mizinda yagumulidwa, ndipo kuipa kwa kulanda dziko la eni ndi mfuti sikufuna kuti mphunzitsi wa ku Africa akuphunzitseni. Ndikumvetsanso mantha a maboma amene safuna kuti zida zawo kapena ndalama zawo zigwere m'manja mwa asilikali, ndiponso ngozi imene katswiri wa ku Russia angagweremo kwawo chifukwa chotumiza miyeso kunja. Komabe ndikukumbutsani zimene inu nomwe munalemba. Chikalata cha ku Ottawa cha 1996, chimene chinakhazikitsa bungwe lanu, chinanena kuti nkhani za asilikali zisalowemo. Mu Meyi 2017 ku Fairbanks, mayiko nonse asanu ndi atatu munasainira pangano lolimbikitsa mgwirizano wa sayansi ku Arctic, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo limakamba za kulola akatswiri kufika kumalo a kafukufuku ndi kupeza zotsatira za miyeso. Panganolo munasainira patadutsa zaka zitatu Russia italanda dera la Crimea ku Ukraine. Mu 1973, pakati pa chidani cha mayiko a kummawa ndi kumadzulo, Soviet Union, America, Canada, Denmark ndi Norway anasainirana ku Oslo pangano loteteza zimbalangondo zoyera. Ndipo ngakhale pambuyo pa 2022, Norway ndi Russia apitiriza kukambirana za kagawidwe ka nsomba za m'nyanja ya Barents, chifukwa onse awiri akudziwa kuti nsombazo zikatha palibe wopindula. Ngati n'kotheka kukambirana za matani a nsomba zimene zili ndi mtengo pamsika, kukana kutumizirana chiwerengero cha madzi odutsa pa Kyusyur sikungatchedwe kusunga mfundo. Chiwerengero chimenecho sichiphulitsa bomba, ndipo kuchibisa sikulanga boma lililonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chaka chimene sichinayezedwe sichibwerera. Mkangano wa malire ukhoza kutha pambuyo pa zaka makumi awiri anthu n'kugwirana chanza, koma madzi a Kolyma a mu Juni chaka chino akadutsa osatungidwa, palibe msonkhano umene udzawabweze.

Ife Amalawi timadziwa phindu la mndandanda wautali, ndipo apa ndi pamene nkhani yanu ikukumana ndi yathu. Msinkhu wa nyanja ya Malawi wakhala ukulembedwa kuyambira mu 1896, ndipo chifukwa cha zolembazo tikudziwa kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanjayi inatsika mpaka inaleka kuthira madzi mu Shire, mtsinje womwewo umene lero umapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pakanapanda anthu amene ankalemba msinkhuwo, mainjiniya athu akanamanga poganiza kuti Shire sangaphwe. Koma palinso chifukwa china chachikulu. Bungwe la IPCC, la akatswiri a zanyengo a pansi pa United Nations, m'lipoti lake la 2021, linanena kuti pa digiri imodzi iliyonse imene dziko litenthere, nthaka youndana ikhoza kutulutsa kaboni dayokisaidi wa pakati pa matani mabiliyoni 14 ndi 175. Taonani kutalikirana kwa manambala awiriwo. Anthu onse padziko lapansi amatulutsa matani mabiliyoni pafupifupi 40 pa chaka, choncho nambala yoyambayo ndi ya miyezi ingapo, pamene yachiwiriyo ndi ya zaka zoposa zinayi. Mpweya umenewu sulembedwa mokwanira m'kaundula wa dziko lililonse pansi pa pangano la ku Paris la 2015, komabe mumlengalenga umalowa, ndipo umachepetsa mpata umene watsala kuti kutentha kusapyole madigiri 1.5 kapena 2. Mayiko osauka akamakambirana ndi mayiko olemera pa misonkhano ya zanyengo, amakambirana pa manambala amene mbali yake ina ili m'matope a Lena ndi Kolyma. Anthu a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Nsanje, amene anaika m'manda abale awo pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi ena amene mpaka lero sanapeze mitembo ya abale awo, sanawotche malasha kapena mafuta amene anatenthetsa Siberia. Sindikunena kuti nthaka ya ku Siberia ndiyo inabweretsa namondweyo, koma ndikunena kuti mlengalenga ndi umodzi, ndipo mphepo yamkuntho yodutsa pa nyanja yotentha imanyamula mvula yochuluka. Amalawi amenewa ali ndi ufulu wodziwa kukula kwenikweni kwa chimene chikubwera.

Choncho ndikupempha boma la Russia, limene lili ndi gawo lalikulu la nthaka youndana ndi mitsinje inayi mwa isanu ndi umodziyi, kuti miyeso ya bungwe lake loona zanyengo ndi madzi la Roshydromet, pamodzi ndi ya malo 140 oyezera kutentha kwa nthaka amene linakonza zokhazikitsa potsatira lamulo la 2023, iziperekedwa mokwanira ndi pa nthawi yake ku nkhokwe za padziko lonse monga Global Runoff Data Centre ya ku Koblenz, ndiponso kuti katswiri wogawana miyeso ya madzi ndi nthaka asaonedwe ngati kazitape. Mayiko asanu ndi awiri enanu ndikukupemphani kuti mulembe momveka bwino kuti kuyeza madzi, matope, kaboni ndi kutentha kwa nthaka sikuli m'gulu la zinthu zoletsedwa, kuti mayunivesite anu asamakane ngakhale kulandira botolo la madzi poopa kuphwanya lamulo limene sakulimvetsa. Ngati kukumana maso ndi maso sikutheka, ntchitoyi ikhoza kudutsira ku World Meteorological Organization, imene mayiko nonse ndinu mamembala ake ndipo yakhala ikutumiza malipoti a zanyengo kudutsa malire a adani kwa zaka zambiri.

Canada ndi America asaganize kuti mlanduwu ndi wa Russia yokha. Malo oyezera madzi pa Mackenzie, pa Yukon ndi pa timitsinje tothira mmenemo amafunika ndalama zokhazikika za zaka makumi, osati za kafukufuku wa zaka zitatu amene akatha zida n'kuchotsedwa. Ndalamazo zifikenso kwa a Dene, a Gwich'in, a Inuvialuit, a Yup'ik, a Evenki, a Sakha ndi a Nenets amene amakhala m'mphepete mwa mitsinjeyi chaka chonse, kuti akhale olembedwa ntchito ndi eni ake a zimene ayeza, m'malo mokhala operekeza alendo obwera pa ndege mu Julayi. Bungwe la Yukon River Inter-Tribal Watershed Council lakhala likutunga ndi kuyeza madzi a Yukon limodzi ndi United States Geological Survey kwa zaka zambiri, ndipo laonetsa kuti njira imeneyi imagwira ntchito.

Kwa Ufumu wa Denmark, pamodzi ndi Greenland ndi Faroe Islands, pempho langa ndi lakuti mupatse gulu lanu la akatswiri oyeza ndi kuunika chilengedwe la AMAP ntchito yolemba lipoti lapadera la mitsinje isanu ndi umodziyi, lonena malo oyezera amene akugwirabe ntchito, amene anatsekedwa, zaka zimene zikusowa m'mindandanda, ndi ndalama zofunika kuti ntchitoyi ibwerere m'malo mwake. Lipotilo likhale pa tebulo la nduna zonse zisanu ndi zitatu musanapereke mpando kwa Sweden mu 2027.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa jogalafe wa ku sekondale,
Zomba, Malawi